Mwana wapeza pokhala, nanga amudalira ndani? Mafunso ndi mayankho pa ntchito yoyendera olera ana pakhomo

Mwana akachotsedwa pakhomo pomwe amazunzidwa, kapena akatuluka kumalo osungirako ana amasiye n'kuperekedwa kwa agogo ake, azakhali ake kapena banja lina lomwe ladzipereka kumulera, ambiri timaona ngati nkhani yatha. Mafomu asainidwa, pogona papezeka, mwana akudya. Koma amene analerapo mwana wotere amadziwa kuti chintchito chimayambira pomwepo. M'mayiko angapo muli ntchito yotumiza alangizi kumakomo a anthu olera ana oterewa kuti akawathandize kufika poti mwanayo aziwadalira ndi mtima wonse. Mafunso otsatirawa akukhudza ntchito imeneyi, makamaka njira ina yomwe inayambira ku America ndipo yayesedwa kwa zaka zambiri.

Kodi ubale womwe ukunenedwawu ukusiyana bwanji ndi kungomukonda mwana?

Chikondi chimakhala mumtima mwa wamkulu, ndipo mwana sachiona pokhapokha chitatulukira m'zochita. Ubale womwe tikunenawu umakhala mwa mwanayo. Ndi zomwe iye waphunzira, asanayambe n'kuyankhula komwe, pa nkhani imodzi yokha: ndikachita mantha, ndikavulala, ndikadwala, kodi alipo woti ndithamangireko n'kundilandira? Mwana yemwe wazindikira kuti alipo amasewera momasuka, amapita pataliko kukatola timitengo, n'kumacheuka kuti aone ngati womulerayo akadalipo. Yemwe wazindikira kuti palibe amakhala tcheru nthawi zonse, ndipo mphamvu zomwe akadaphunzirira zinthu zimathera pa kudziteteza.

Yemwe anayamba kulemba mozama za nkhaniyi ndi dokotala wa ku Britain, John Bowlby. Mu 1951 iye analembera bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lipoti lokhudza ana omwe anasowa pokhala nkhondo yachiwiri itatha, ndipo anatsindika kuti mwana wamng'ono amafunika munthu wokhazikika womusamalira mwachikondi, osati chakudya ndi denga basi. Koma umboni woyamba wochokera m'makomo enieni unapezeka mu Africa muno. Mu 1954 ndi 1955 Mary Ainsworth ankayendera mabanja 26 m'midzi yoyandikana ndi Kampala ku Uganda, kukhala pansi ndi amayi n'kumaonerera momwe amakhalira ndi makanda awo. Anaona kuti amayi omwe amazindikira msanga chomwe mwana akufuna, ana awo salira kwambiri ndipo amasewera mopanda nkhawa. Buku lake lofotokoza zimenezi linatuluka mu 1967.

Nanga akatswiri amadziwa bwanji kuti mwana uyu amadalira womulera, uyu ayi?

Ainsworth atasamukira ku Baltimore anakonza njira yoyesera ana a chaka chimodzi kapena kupitirirako pang'ono. Mwana amalowa m'chipinda chachilendo ndi womulera, kenako womulerayo amatuluka kwa mphindi zochepa n'kubwereranso. Zonse zimatenga mphindi pafupifupi 20. Chomwe amayang'ana kwambiri si kulira kwa mwana pamene wasiyidwa, koma zomwe amachita womulerayo akabwerera. Wodalira amathamangira kwa iye, amatonthola, n'kubwerera kumasewera. Wina amayang'ana kumbali ngati sizikumukhudza. Wina amafuna kunyamulidwa koma akanyamulidwa amaphiriphitha ndi kumenya, osatonthola.

Mu 1986 Mary Main ndi Judith Solomon anafotokoza gulu lachinayi, la khalidwe losokonezeka, lomwe limadetsa nkhawa kuposa onse. Mwana amayamba kupita kwa womulera, n'kuima chilili panjira, kapena kubwerera chafutambuyo, kapena kudziphimba kumaso. Nthawi zambiri izi zimachitika pamene munthu yemwe mwana amayenera kuthawirako ndi yemweyonso amene amamuopa. Khalidweli limapezeka kwambiri mwa ana omwe anazunzidwapo kapena kunyanyalidwa.

Ngati mwana wafika m'manja mwa anthu abwino, bwanji osangodikira kuti azolowere yekha?

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Mary Dozier, katswiri wa za maganizo a ana pa yunivesite ya Delaware, anapempha anthu omwe anali atangolandira kumene ana oti alere kuti tsiku ndi tsiku azilemba zomwe zimachitika mwana akagwa, akachita mantha kapena akasiyana nawo. Zomwe zinatuluka m'makope amenewo n'zomvetsa chisoni. Ana ambiri, makamaka omwe anasamutsidwa atakulako pang'ono, akavulala sankapita kwa womulera. Ena ankapita, koma mokwiya ndi mosatonthozeka. Ndipo olerawo, anthu a mtima wabwino ndithu, ankangobwezera zomwe mwana wawaonetsa. Mwana akatembenukira kumbali, iwo ankati ndiye kuti sakundifuna, n'kumusiya. Mwana akalusa, nawonso ankapsa mtima.

Taganizirani gogo yemwe walandira mdzukulu wa chaka ndi theka. Mwana wagwa pakhonde, bondo lasupuka, koma wangodzuka yekha osalira, n'kukakhala kuseri kwa chitseko. Gogoyo auza anzake kuti mwana ameneyu ndi wolimba mtima, savuta. Chonsecho mwanayo anaphunzira kale kuti kulira sikuitana munthu. Akasiyidwa choncho, phunziro lakalelo likungotsimikizika m'nyumba yatsopanoyi. N'chifukwa chake kudikira pakokha sikukwanira. Womulera ayenera kupereka chitonthozo ngakhale mwana sanachipemphe, ngakhale akuoneka kuti akuchikana, ndipo zimenezi sizibwera zokha kwa munthu aliyense. Ambiri timafuna wina atatiunikira.

Tsono mlangizi akafika pakhomo amachita chiyani kwenikweni?

Njira yomwe Dozier ndi anzake anakonza imatchedwa Attachment and Biobehavioral Catch-up, mwachidule ABC. Mlangizi amapita pakhomo maulendo 10, kamodzi pa sabata, ndipo ulendo uliwonse umatenga pafupifupi ola limodzi. Poyamba inakonzedwera ana a miyezi 6 mpaka 24, kenako panabwera ina ya ana a zaka 2 mpaka 4. Imagwiritsidwa ntchito kwa anthu olera ana a eni, kwa achibale, komanso kwa makolo enieni omwe a boma akuwakayikira kuti sakusamalira bwino ana awo.

Pali zinthu zitatu zomwe mlangizi amafuna kuti zikhazikike. Choyamba, mwana akavutika atonthozedwe. Chachiwiri, mwana akakhala kuti ali bwinobwino ndipo akusewera, wamkulu azitsatira zomwe mwanayo wayambitsa ndi kusangalala nazo. Mwana akamenya chitini ndi supuni, wamkulu amenyenso chake. Akamupatsa mwala, alandire n'kunena kuti "wandipatsa mwala". Osamulanda supuniyo n'kuyamba kumuphunzitsa kuwerenga. Chachitatu, wamkulu aleke kuopseza mwana, kaya ndi mawu, nkhope kapena manja.

Koma mphamvu ya njirayi siili m'mitu itatuyi, pakuti aliyense angathe kuiloweza. Ili m'kayankhulidwe ka mlangizi. Iye sakhala pampando n'kumaphunzitsa ngati ali m'kalasi. Amayang'anitsitsa zomwe zikuchitika pakati pa mwana ndi womulera, ndipo chabwino chikangochitika amachitchula nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa nkhani ina. Mwachitsanzo anganene kuti: "Agogo, mwaona? Wagunda mutu pampando, inu mwamunyamula nthawi yomweyo n'kumusisita. Mukatero akuphunzira kuti akapweteka muli pomwepo." M'mawu ochepawa muli zinthu zitatu: chomwe gogoyo wachita, mutu womwe chikugwirizana nawo, ndi phindu lake kwa mwana. Alangizi a ABC amaphunzitsidwa kuyankhula motere pafupifupi kamodzi pa mphindi iliyonse. M'masabata oyamba amangotchula zabwino zokhazokha, ndipo pokhapokha akazolowerana ndi womulerayo ndi pomwe amayamba kumukumbutsa mofatsa pomwe mwayi wadutsa.

Amajambulanso vidiyo, ndipo ulendo wotsatira amaonetsa womulerayo tizigawo tifupitifupi tomwe anachita bwino. Mayi yemwe wakhala akuuzidwa ndi aliyense kuti ndi wolephera akadziona yekha pa vidiyo mwana wake akumumwetulira, chimachitika mumtima mwake sichingabwere ndi ulaliki.

Chakumapeto, pa ulendo wa 7 ndi wa 8, amakambirana za momwe womulerayo analeredwera. Munthu yemwe ali mwana ankauzidwa kuti "dzuka, sunavulale" kapena "mwamuna salira" amapezeka kuti mawu omwewo atuluka pakamwa pake asanaganize n'komwe. Cholinga si kunyoza makolo ake, omwe nawonso analera ana m'mavuto awo, koma kuti azindikire mawuwo akamabwera n'kusankha kuchita zina.

N'chifukwa chiyani zichitikire pakhomo, osati ku ofesi kapena kuchipatala?

Chifukwa mwana amaleredwa pakhomo. Ku ofesi munthu amavala bwino, amakhala mwaulemu, amavomera chilichonse. Pakhomo ndi pomwe mphika uli pamoto, wina akulira, wina akufuna madzi, wailesi ikulira, mlendo waima pakhomo. Luso lophunziridwa pakati pa zonsezi ndi lomwe limakhalitsa. Komanso pakhomo mlangizi amapeza onse omwe amagwira mwanayo: bambo, agogo, achemwali ake omwe amamubereka masana. Mwana amatha kudalira anthu angapo nthawi imodzi, ndipo Ainsworth anaziona zimenezi ku Uganda komwe. Palinso nkhani ya thiransipoti: mabanja ovutikitsitsa ndi omwe amalephera kufika kumisonkhano.

Kodi kumunyamula mwana nthawi iliyonse akalira si kumuzolowetsa manja? Nanga mwambo auphunzira bwanji?

Funsoli ndi lomveka, ndipo amene amalifunsa amafunira mwana zabwino. Koma kafukufuku wa Ainsworth ndi Silvia Bell ku Baltimore anaonetsa kuti makanda omwe amayi awo ankawayankha msanga akalira m'miyezi yoyambirira, ankalira mocheperapo pofika kumapeto kwa chaka choyamba. Mwana wotsimikiza kuti athandizidwa safunika kukuwa kuti amvedwe. Ndipo mwana yemwe wachokera m'nkhanza kapena m'kunyanyalidwa sali pa ngozi yolandira chikondi chopitirira muyeso. Vuto lake ndi losiyana ndi limenelo.

Kutonthoza mwana si kumulola kuchita chilichonse. Akafuna mpeni, mpeni sapatsidwa. Akalira chifukwa chomukaniza, anyamulidwe, alire ali m'manja, koma mpeni usaperekedwe. Chomwe chiyenera kutheratu ndi chiopsezo. Mawu monga "ndikusiya wekha fisi akudye", "ndikubweza komwe unachokera" kapena "ndikakupereka kwa adokotala akubaye jakisoni" ambiri timawatenga ngati ocheza. Kwa mwana yemwe anasiyidwapo kale, amenewa si mawu ocheza. Iye amadziwa kuti kusiyidwa kumachitikadi. Ine ndimaona kuti mawu oti "ndikubweza" ndi oopsa kuposa onse, chifukwa amagwetsa chinthu chenichenicho chomwe womulerayo akuvutikira kumanga.

Pali umboni woti zimenezi zimathandizadi?

Ulipo. Mu 2012 Kristin Bernard, Dozier ndi anzawo anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ana 120 omwe makolo awo anali m'manja mwa ofesi yoteteza ana mumzinda wina waukulu kum'mawa kwa America. Mabanjawo anagawidwa mwamaere. Ena analandira ABC, ena analandira maulendo 10 omwewo koma ophunzitsa za kakulidwe ka thupi ndi nzeru za mwana. Mwa ana a gulu la ABC, 52 pa 100 alionse anapezeka kuti amadalira makolo awo bwino, pamene m'gulu linalo anali 33. Khalidwe losokonezeka lija linapezeka mwa ana 32 pa 100 alionse a ABC, ndi 57 m'gulu linalo.

Kusintha kunaonekanso m'thupi. Pali homoni yotchedwa cortisol yomwe mwa munthu wathanzi imakhala yochuluka m'mawa n'kumatsika mpaka usiku. Mwa ana onyanyalidwa kayendedwe kameneka kamasokonekera, ndipo m'mawa imakhala yochepa. Atayeza malovu a ana aja, anapeza kuti a gulu la ABC kayendedwe kawo kanali pafupi ndi ka ana ena onse, ndipo kusiyanaku kunalipobe patapita zaka pafupifupi zitatu.

Umboni wina waukulu ndi wa ku Romania. Ulamuliro wa Nicolae Ceaușescu utagwa mu 1989, dziko linaona ana miyandamiyanda omwe anali m'nyumba zosungiramo ana za boma. Kuyambira mu 2000 Charles Nelson, Nathan Fox ndi Charles Zeanah anatsatira ana 136 a mumzinda wa Bucharest. Theka la anawo linaperekedwa ku mabanja owalera, omwe ankayenderedwa pafupipafupi ndi alangizi ophunzitsidwa bwino. Anawo atakwanitsa miyezi 42 yakubadwa, ana 49 pa 100 alionse a m'mabanjamo anali ndi ubale wodalirika ndi owalera, pamene mwa omwe anatsala m'ndondomeko ya boma anali pafupifupi 18. Omwe anapita kumabanja asanakwane zaka ziwiri ndi omwe anapindula koposa. Tionenso kuti 52 kapena 49 pa 100 si ana onse. Ntchitoyi imathandiza ambiri, koma ena amafunika chithandizo chotalikirapo.

Kodi izi si za mayiko olemera okha, komwe kuli akatswiri ndi makamera?

Ayi. Ku Khayelitsha, mumzinda wa Cape Town, Peter Cooper, Lynne Murray, Mark Tomlinson ndi anzawo anayesa ntchito yotchedwa Thula Sana pa amayi oyembekezera 449. Oyendera makomo sanali madokotala kapena anamwino. Anali amayi a m'dera lomwelo omwe anaphunzitsidwa ntchitoyi, ndipo ankayendera mayi aliyense wa m'gulu losankhidwa kuti liziyenderedwa maulendo 16, kuyambira ali woyembekezera mpaka mwana atakwana miyezi 6. Zotsatira zomwe zinafalitsidwa mu 2009 zinaonetsa kuti anawo atakwanitsa miyezi 18 yakubadwa, ana 74 pa 100 alionse a amayi oyenderedwa ankadalira amayi awo bwino, poyerekeza ndi 63 mwa osayenderedwa. Awa sanali ana ochotsedwa m'mabanja, koma anali a m'mabanja okhala mu umphawi wadzaoneni, ambiri m'tizisakasa ta malata.

Ku Rwanda boma linakhazikitsa mu 2012 ndondomeko yotulutsa ana m'nyumba za ana amasiye n'kuwabwezera m'mabanja, ndipo m'midzi muli anthu odzipereka otchedwa Inshuti z'Umuryango omwe amayendera mabanja pa nkhani za ana. Komweko kulinso ntchito ya Sugira Muryango, momwe alangizi a m'mudzi amayendera mabanja osauka kwambiri, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti abambo anayamba kutenga mbali polera ana komanso nkhanza kwa ana zinachepa.

Maulendo 10 okha angasinthe zomwe zinaonongeka kwa chaka chathunthu kapena kuposa?

Mlangizi sachiza mwana pa maola 10 amenewo. Amasintha kachitidwe ka munthu yemwe amakhala ndi mwanayo usana ndi usiku, ndipo munthuyo ndi amene amapitiriza. Mu 2003 akatswiri a pa yunivesite ya Leiden ku Netherlands, Marian Bakermans-Kranenburg, Marinus van IJzendoorn ndi Femmie Juffer, anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa ntchito zotere. Anapeza kuti zomwe zimalunjika pa kachitidwe ka womulera ndipo sizipitirira maulendo 16 zimathandiza kuposa zazitali zofuna kukonza chilichonse nthawi imodzi.

Ndi pati pomwe kuyendera pakhomo sikukwanira?

Pomwe mwana akumenyedwabe, kugwiriridwa kapena kumanidwa chakudya mwadala, choyamba ndi kumuteteza. Ku Malawi nkhani zotere zimapita ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, kunthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa, kapena pa nambala yaulere ya 116. Mlangizi yemwe waona zipsera n'kukhala chete pofuna kusunga ubwenzi ndi banjalo walakwira mwana.

Njala nayonso siithetsedwa ndi uphungu. Gogo yemwe wagona ndi njala, yemwe akulera adzukulu anayi wopanda womuthandiza, mtima wake sungakhale pa masewero a chitini ndi supuni. Ntchito yoyendera makomo iyenera kuyenda limodzi ndi thandizo monga Mtukula Pakhomo, womwe unayambira ku Mchinji mu 2006. Chimodzimodzi mayi wodwala matenda okhumudwa kapena bambo womwa mowa mwauchidakwa amafunika chithandizo chakechake.

Palinso chenjezo. Ku America kunabuka anthu omwe ankati amachiza ana "osadziwa kukonda" powagwira mwamphamvu, kuwapanikiza kapena kuwakulunga m'nsalu kuti akhale ngati akubadwanso. Mu 2000 mtsikana wa zaka 10 anafa chifukwa chobanika pa mchitidwe wotere ku Colorado, ndipo chaka chotsatira boma la kumeneko linauletsa. Njira iliyonse yomwe imafuna kuthyola mwana ndi mantha kapena ululu kuti ayambe kukonda omulera ndi nkhanza, kaya ikuchitikira m'chipinda cha katswiri kaya m'nyumba ya mapemphero.

Nanga kwathu kuno ntchitoyi ingagwiridwe ndi ndani?

Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo n'zoona kuti ana ambiri omwe makolo awo anamwalira kapena sangathe kuwalera ali m'manja mwa achibale, osati m'nyumba za ana amasiye. Ichi ndi chuma chachikulu. Malangizo a bungwe la United Nations a mu 2009 amanena kuti ana aang'ono, makamaka osakwana zaka zitatu, aleredwe m'banja, ndipo lamulo la Malawi la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limavomereza zoti mwana aleredwe ndi banja lomwe si lake. Koma kupereka mwana kwa wachibale n'kutembenuka osabweranso si kumaliza udindo.

Anthu oyenda m'makomo tili nawo kale: alangizi a zaumoyo, ogwira ntchito yoteteza ana m'madera, amayi odzipereka a m'magulu ophunzitsa za kadyedwe, ndi olera ana kusukulu za mkombaphala. Chosowa ndi luso loyang'ana ndi kuyankhula m'njira ija. Tinazolowera kuti mlendo wa boma akafika pakhomo amaona chimbudzi, thandala la mbale, dzenje la zinyalala ndi mpondagiya, n'kulemba zomwe zikusowa. Ulendo wotere uli ndi ntchito yake, koma mwininyumba amaulandira ali chilili ndi mantha. Ulendo wothandiza ubale wa mwana ndi womulera umafuna munthu wokhala pamphasa, wofunafuna chomwe gogoyo akuchita bwino. Luso limeneli silibwera ndi maphunziro a masiku atatu ku hotela. Alangizi a ABC amayang'aniridwa chaka chathunthu, akumaonetsa mavidiyo a maulendo awo kwa owaphunzitsa, asanavomerezedwe kugwira okha. Amene akufuna kuyambitsa ntchito yotere kuno aike ndalama zoyang'anira alangizi mu bajeti kuyambira pachiyambi.

Chinanso chili m'manja mwa abale ndi a boma omwe: kusamutsasamutsa mwana. Miyezi itatu kwa azakhali, kenako kwa amalume kutauni, kenako kubwerera kumudzi chifukwa ndalama zavuta. Kusamuka kulikonse kumadula ubale womwe unayamba kuphuka. Pamaliro, akuluakulu akamagawana ana, afunse kaye kuti mwana wamng'onoyo anazolowera ndani, ndipo ndani angakhale naye mpaka akule. Ena onse athandize ndi chimanga, sopo ndi fizi, mwanayo ali pamalo amodzi.

Ine ndalandira mwana ndipo palibe mlangizi wondiyendera. Ndiyambire pati?

Yambirani pa nthawi yomwe wavulala, wadzidzimuka kapena wadwala. Pitani kwa iye ngakhale sanakuitaneni. Akakana kunyamulidwa musamukakamize, khalani pafupi, muyankhuleni motsitsa mawu, dzanja lili pamsana ngati walola. Akakukankhani musawerenge kuti wakudani, ndipo mawa mudzapitenso. Tsiku lililonse pezani kanthawi kokhala naye pansi n'kuchita zomwe iye wayambitsa, osamuwongolera. Mukamachoka muuzeni kuti mukupita ndipo mubwera, osazemba iye atayang'ana kumbali. Mkwiyo ukakukwerani, muikeni pamalo abwino, tulukani panja pang'ono, mubwerere mtima utatsika. Auzeni onse a m'nyumbamo kuti mawu oti "tikubweza" asamveke pakhomopo.

Kukodza pogona, kubisa chakudya, kukakamira pachitenje kapena kudzuka usiku akulira zimachitika kawirikawiri mwa ana omwe angosamuka kumene, ndipo kumenya kumangoziwonjezera. Zikapitirira miyezi ingapo, kapena mukaona kuti inuyo mwatopa moti mwayamba kumuopseza, pitani kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu, mukanene kuti mukufuna thandizo polera mwanayo.